Bambo Sakusamuka

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino. Ndiyambe ndi nkhani yokoma kuti mtima ukhale pansi: bambo sakusamuka. Chipinda chimene mwawakonzera kumeneko muikemo njinga za ana, chifukwa a ku ofesi ya nyumba za boma avomera kuti apitirize kukhala okha m'nyumba mwawo.

Koma pali chimene ndinakubisirani pa foni. Ndinati bambo agwa chifukwa cha ukalamba, inu n'kuyamba kufunafuna galimoto yodzawatengera. Si ukalamba ayi. Ndinawagwetsa ndine, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Paja mukudziwa kuti maso awo amangoona mbuu. Itabwera kalata yoti kufika mayi wodzaona ngati okalamba a m'nyumbazi angathe kudzisamalira okha, ndinachita mantha kuti akapeza nyumba yothithikana awachotsamo. Loweruka, bambo atapita kuchipatala kukatenga mankhwala, ndinalowa ndi tsache ndi nzeru zanga zonse. Mpando wawo waukulu uja ndinaukankhira pakona, tebulo ndinaliika pawindo, makapu ndi zitini ndinazindandalika m'kabati ngati m'sitolo. Atabwera ndinawafotokozera zonse monyadira. Iwo anangoti, "Wagwira ntchito, mwanawe."

Lolemba mayi uja anafika ndi mapepala ake. Atapereka moni anati, "Agogo, tandipangireni tiyi, ndione mmene mumachitira."

Bambo anadzuka mwamphamvu, n'kuyenda pang'ono, n'kutambasula dzanja kuti agwire msana wa mpando monga akhala akuchitira zaka zonsezi. Mpando kulibe. Anagwa chammbali, chigongono n'kusupuka. Tikuwadzutsa, anati, "Pepani mayi, miyendo yatha." Za ine sanatchule n'komwe.

Ndinaona kuti nyumba yapita. Koma mayiyo sanalembe kanthu. Anayang'ana pansi pamene miyendo ya mpando inasiya mabala anayi, kenako anatsata ndi chala mzere wakuda wa pakhoma, kuchokera kuchipinda mpaka kukhitchini. Mzere umenewo ndinaukwecha Loweruka lonse osachoka. Ndi njira ya dzanja la bambo.

"Mpandowu mwausuntha liti?" anandifunsa.

"Dzana," ndinayankha.

"Agogowa nyumbayi amaiona ndi manja. Bwezerani chilichonse pamalo pake, ndibweranso Lachitatu."

Madzulo ake ndikulankhula nanu choonadi ndinkachidziwa kale, koma ndinaopa kuti mundinena. Mundikhululukire. Kuthamanga si kufika, ndaphunzira.

Lachiwiri bambo anakhala pabedi n'kumandilamula ngati kapitawo. "Tebulo libwere kuno. Lapitirira, bweza pang'ono! Shuga akhale m'chitini chopindika chija, cha mchere ndi chosalala. Ukufuna ndidzamwetse alendo madzi a m'nyanja?" Tinaseka mpaka aneba a nyumba yoyandikana nayo anabwera kudzasuzumira.

Dzulo mukanawaona, achimwene! Dzanja pakhoma, dzanja pampando, dzanja patebulo, awo afika kukhitchini. Anatereka ketulo, anatsuka makapu atatu, tiyi anathira osataya ngakhale dontho. Mayi uja anamwa, n'kuitanitsa kapu yachiwiri, n'kusaina.

Lero kwabwera mmisiri wotumidwa ndi ofesi. Wakhoma chitsulo chogwirira motsata mzere wakuda uja, china kubafa, ndipo bambo ndi amene amamuuza msinkhu wake. Waikanso belu loti akalidina lizilira kwa aneba. Ine ndizipita Lachiwiri ndi Loweruka kukachapa ndi kukagula zofunika, manja anga ali kumbuyo.

Pempho langa ndi limodzi. Ndikudziwa kuti mumafuna kuwatenga chifukwa chowakonda, ndipo tsiku lina mwina zidzafunikadi. Koma tsikulo silinafike, ndipo likadzafika adzanena ndi iwo, osati ife.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Bambo nawonso akupereka moni. Pamene ndimawatsazika madzulo ano anandiperekeza mpaka pakhomo, anatseka chitseko, ndipo ndinaima panja mpaka nditamva kiyi akuzungulira mkati. Akuti mukadzabwera mudzagogode n'kudikira, musadzafulumire. Adzakutsegulirani okha.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Chitsiriza wa bambo