Dzina la Rumbidzai Ndabweza

Amayi, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Felesiya wanu.

Kuno ku Rimuka tilipo. Mvula inadula chimanga chitangoyamba kumasula, choncho kamunda kanu ka m'mbali mwa njanji katipatsa zochepa, sitifika nazo m'nyengo yozizira. Mlongo wanga Yohane akadali ku Battlefields, akukumba golide m'maenje akale, ndipo chifuwa chija sichikumusiya. Mkazi wake wabereka mwana wamkazi. Amutcha Esinati, dzina lanu.

Paja mukudziwa za bungwe lija la ku Chegutu lodyetsa ana a m'mafamu. Zaka zonsezi ndakhala ndikulithandiza osalipidwa, kulemba makalata kumigodi ndi kumakampani a thonje kuti aliyense atenge sukulu imodzi azidyetsa, ife n'kulemba dzina lake pachikwangwani. Inu munkaseka: "Iwe, kupempha kumafunanso sukulu? Ine mchere ndimapempha popanda satifiketi." Kumafuna, amayi. Kampani sipereka chifukwa munthu walira. Imafuna kuona dongosolo, malipoti, ndi phindu limene dzina lake lipeze.

Chaka chino bungwelo linalengeza kuti ntchitoyi ikhale yolipidwa. Ankafuna maphunziro asanu a fomu folo kuphatikizapo Chingerezi, dipuloma kapena digiri ya zamalonda, luso la zaka zingapo, ndi kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti ulibe mlandu, popeza ukagwira ndalama za eni. Zonse ndinali nazo kupatula kalatayo. Dipuloma ija ndinamaliza inu mutangopita.

Koma mapepala onsewo ndi a Rumbidzai.

Mukukumbukira ku Eiffel Flats, ndili giredi seveni, aphunzitsi atanena kuti wopanda chikalata cha kubadwa salemba mayeso. Inu ndi bambo munalibe pepala lililonse. Makolo anu anachokera ku Dedza wapansi kubwera dziko lino, mgodi n'kuwalemba dzina loyamba lokha. Ndiye munapita kwa anansi athu, Mai Rumbi, amene mwana wawo Rumbidzai anali atasiya sukulu, n'kubwereka chikalata chake monga tinkabwerekera sefa. Mabanja ambiri mukomboni ankatero. Munandiuza kuti, "Kusukulu ndiwe Rumbidzai, pakhomo pano ndiwe Felesiya. Usasokoneze." Sindinasokoneze. Fomu folo, dipuloma, ngakhale chitupa, zonse ndinatenga m'dzina la mwana wa eni.

Rumbidzai wabwera, amayi. Anali ku Joni zaka zonsezi wopanda mapepala. Wabwera ndi ana awiri, thupi litatha, ndipo amayi ake anamwalira kale. Atapita kukatenga chitupa anamuuza kuti anatenga kalekale. Anandipeza pokwerera basi ku Chegutu.

"Sisi Fele, ndamva kuti ndine wophunzira kwambiri, ndili ndi dipuloma," anatero, n'kuseka mpaka kutsokomola.

Iye analoza mwana wake wamkulu, amene anali atanyamula chikwama chawo.

"Uyu ali giredi sikisi. Ine wopanda chitupa, iyenso sangapeze chikalata. Chaka chamawa ndikamubwerekere cha ndani?"

Sanakalipe. Zikanandipepukira akanakalipa.

Mumandidziwa, sindichita kanthu ndisanawerenge. Ndinawerenga malamulo, ndinafunsanso loya wina amene amathandiza osauka. Nkhani yake ili motere. Ndikanapita kupolisi kukadinda zala, kalata ikanatuluka yoyera, ntchito ndikanaipeza, ndipo palibe akanadziwa. Rumbidzai sakanatha kundisumira, alibe ngakhale ya basi. Koma ana ake akanakhala mmene ndinalili ine, pomwe iwo chikalata cha mayi wawo chilipo, chili m'chikwama changa. Ndikaulula, nditha kuimbidwa mlandu, ndipo za masatifiketi loyayo sanalonjeze kanthu. Anati mwina n'kuwasintha dzina, mwina ayi, ndipo zimatenga zaka.

Lachiwiri lapitali tinapita limodzi ku ofesi yolembetsa anthu, ine, Rumbidzai ndi loyayo. Ndinapereka chitupa. Mlembi anandiyang'ana, kenako anafunsa kuti, "Nanga inuyo ndinu ndani?" Ndinamuuza. Anati lamulo limalola ife obadwira kuno kukhala nzika, koma ndibweretse mapepala a mayi anga. Amayi, munabadwa, munakwatiwa, munabereka, munathyola thonje moyo wanu wonse, boma osadziwa. Pepala lokhalo lokhala ndi dzina lanu ndi chilolezo choikira maliro anu. Ndilo ndikapite nalo, pamodzi ndi anthu awiri a kutchalitchi amene anandiona ndili khanda. Kaya likwanira, sindikudziwa. Za mlandu sanandiuzebe.

Ntchito ija apatsa mnyamata wa ku Harare, wa digiri, ndipo akuitha bwino. Ndamuperekeza kumakampani onse amene ndinkadziwana nawo, chifukwa ana aja ayenera kudya, kaya kalata walemba ndani. Kumeneko amandipatsabe moni kuti "Rumbi". Ndayamba kuwakonza mmodzimmodzi, ena akuganiza kuti ndalowa mpingo wina.

Musaganize kuti ndikukudzudzulani. Ndalingalira mbali zonse, ndipo pa tsiku lija panalibe njira ina. Mukanapanda kugogoda kwa Mai Rumbi, bwenzi ndili m'maenje ndi Yohane. Zimene ndinaphunzira zili m'mutu mwanga, palibe mlembi angazilande. Kungoti mutu sulowa mu envelopu yofunsira ntchito.

Chikalata changa chikatuluka, ndipo akakana kusintha masatifiketi, ndikalembetsanso fomu folo, ndikakhale pabenchi limodzi ndi ana oti ndikanawabereka. Ndikatero ndidzamukoka Yohane kuti naye akalembetse, afune asafune. Ndikukulonjezani kuti Esinati wamng'onoyu adzalemba giredi seveni m'dzina lake, lomwe ndi lanu.

Gonani bwino, amayi. Ndimakukondani.

Ndine mwana wanu,
Felesiya

Aka n'koyamba kusaina dzinali papepala. Dzanja likuchita chilendo.