Dzina pa Mwala Wofewa

Lachinayi, kumapeto kwa Malichi. Tsiku labwino, mtima uli m'malo.

Lero ndachotsa chibenthu cha mwala chija pansi pa malata, pomwe madzi amvula amagwera. Alamu anga a Tembo akufuna kuti chiliza cha malemu amuna anga chikhale cha mwala wofewa wadongo, uja osema a ku Madzimoyo amasemera mbalame. Akuti ndi wokongola, mpeni umangolowa ngati m'sopo. Mvula isanayambe ndinapemphako chibenthu, ndinalembapo dzina la malemu, YOSEFE, ndi msomali, n'kuchisiya panja.

Zilembo zinali zisanu ndi chimodzi. Zowerengeka zatsala zitatu.

Alamu atabwera masana ndawapatsa m'manja. Achitembenuza uku ndi uku, nati, "Mlamu, mpaka mwala kuulembetsa mayeso ngati mwana wasukulu?"

Ndati, "Inde alamu, ndipo walephera."

Aseka, koma chibenthucho achiika m'thumba kuti akawonetse abale Loweruka.

Dzinalo tilemba pa mwala wolimba, kuti adzukulu adzaliwerenge ife titapita. Koma ndigula kankhunda kamodzi ka mwala wofewawo koika pawindo, poti malemu mmene ankakondera nkhunda zawo zija…