Pulogalamu ya Achimwene

Lolemba, 3 Malichi
Makina atsopano afika ku ofesi. Purosesa yake ili ndi tiubongo 128 togwira ntchito nthawi imodzi. Pulogalamu yathu yolosera nyengo, imene achimwene analemba zaka 19 zapitazo, ikugwiritsa ntchito kaubongo kamodzi kokha. Tinato tangoti manja lende. Abwana akuti kaubongo kamodzi sikangathamangenso kuposa apa, kamatentha, n'chifukwa chake opanga akungotichulukitsa. "Muigawe ntchitoyo, kalikonse kapeze chochita." Asankha ine.

Lachitatu, 5 Malichi
Ndinakawaona achimwene. Chiwagwireni sitiroko dzanja lamanja silinyamuka, mawu amatuluka limodzilimodzi. Alamu amawamwetsa tiyi ndi sipuni. Za makina sindinatchule.

Lachisanu, 7 Malichi
Ndailembanso mwatsopano, ndaigawa. Ikuthamanga, koma yankho likusinthasintha. Manambala omwewo, ulendo uno mvula, ulendo wina dzuwa. Mutu waima.

Lamulungu, 9 Malichi
Achimwene ndawauza zonse. Ndimayembekezera mkwiyo, iwo angoti, "Yatsa." Ndawaikira laputopu pamiyendo. Ola lathunthu chala chamanzere chikutsika mzere ndi mzere, ine ndikuwapukuta dovu. Chakaima pa mzere 412.
"Tiubongo tiwiri... tikulemba malo amodzi. Kena kadikire." Kenako kuseka kwa mbali imodzi kuja. "Iwe, anakuphunzitsa ndine?"
Alamu anathawira kukhitchini. Ndimawamva akufwenthera.

Lachinayi, 13 Malichi
Yatheka. Ntchito ya maola asanu ndi limodzi, lero mphindi zinayi. Andiombera m'manja. Abwana akuti zakale za achimwenezo ndifufute, zisamasokoneze anthu. Ndafufuta. Nkhomaliro yandikanika.

Loweruka, 15 Malichi
Achimwene ndawapeza pampando wa pawindo, atawafunditsa bulangeti. Ndawauza za mphindi zinayi, agwedeza mutu. Kenako afunsa, "Yanga... yatsala mizere ingati?"
Ndikanatha kunama. Alamu amandiyang'ana ngati akundipempha kuti ndiname.
"Palibe, achimwene."
Aweramitsa mutu, maso pa dzanja lakufa lija. Ndimati mwina agona. Nditanyamula chikwama kuti ndizipita, ayankhula.
"Mwagwira ntchito. Muyende bwino."
Chibadwire changa sanandiyankhulepo mwa "inu". Ndaima pakhomo kudikira kuti abweze mawuwo, anditchule kuti iwe. Apempha alamu kuti atseke katani.