Mafupa a Bambo Kanjinga

Kandeu, Ntcheu
12 Juni 2025

Okondedwa achimwene, Bambo Cyprian,

Ndikhulupirira muli bwino ku Falansako. Kuno tadzuka, kungoti chisanu chabwera ndi ukali chaka chino, ndipo kachewere tayamba kukumba. Kalatayi ndapatsira a Sisitere Pauline amene akubwera kwanuko, chifukwa pafoni mumandizemba. Ndikangoyamba nkhaniyi mumati, "Dailes, netiweki ikuvuta," chonsecho ine ndikukumvani bwinobwino mpaka kupuma kwanu.

Za tauni mukutumikirayo mudandiuza nokha. Mudati fakitale ya nsalu idatsekedwa, achinyamata adathawira m'mizinda ikuluikulu, ndipo m'tchalitchi mumatsala ndi nkhalamba zowerengeka. Mudatinso meya watsopano adapambana polonjeza kubwezeretsa mbiri ya makolo awo, ndiye akufuna mafupa a mwana wa m'tauniyo, wansembe uja kuno timamutcha Bambo Kanjinga, akawaike pabwalo la tauni ndi chipilala pamwamba, anzake otsutsa atseke pakamwa. Chisoni ndidawamvera ndithu. Koma achimwene, mbiri ya tauni yawo aipeze m'manda mwathu?

Kuno nkhaniyi yagwira moto. Khansala wathu, a Maliro, chisankho chili pafupi, ndiye adaitanitsa msonkhano pamsika. Adati Afalansa alonjeza kutimangira mlatho pamtsinje wathu uja tikawapatsa munthu wawo. "Anthu inu, mafupa mudya? Mlatho ndi uwu wabwera wokha!" Nthungululu zake mukadamva! Sindiwada anthuwo ayi. Dzinja lathali kachewere wanga adaolera kutsidya, galimoto zitakanika kuoloka, ndipo mwana wa a Cathy, anzanga a m'kwaya aja, madzi adamutenga akuchokera kusukulu.

Phokoso lili mkati, amalume a Yoramu adaimirira ndi ndodo yawo nati, "A khansala, mukakumba kuti?" Iwo adati pamtanda wa simenti uli pafupi ndi tchalitchi, uja mudaujambula inu n'kukaonetsa a meya. Amalume adapukusa mutu. "Pamenepo palibe munthu. Mupezapo miyala basi."

Izi ndi zimene mumakana kumva. Inu mudapita kuseminale muli wamng'ono, ndipo a Maliro ndi obwera, ndiye nonse simukudziwa. Bambo Kanjinga adamwalira mvula ili pakati, mtsinje utadzaza, moti kuwanyamula kupita ku mishoni sikukadatheka. Akudwala adanena okha kuti, "Mundiike kumene mumaika anzanu." Agogo athu adawakulunga mumphasa ngati munthu wa m'mudzi, n'kukawaika kumsitu kwathu, kumanda a m'mudzi, popanda bokosi, popanda mwala. Mtanda uja adaumanga pambuyo pake kuti ukhale chikumbutso chabe. Kuyambira pamenepo mkhristu aliyense wa banja lathu amapempha kukagona pafupi nawo. Mitumbira yakale idatitimira, mitengo idakula, ndipo palibe amene angaloze kuti iwo ali apa ndendende.

Amayi nawonso adapempha. Inu simudabwere, ndege zidali zotseka chifukwa cha mliri uja, ndipo sindikukuimbani mlandu. Koma ine ndidali pamphasa pawo. Adandigwira dzanja nati, "Amene adandibatiza ndili khanda andisunge ndiwo." Adzukulu adakumba pomwe amalume adawauza, m'mbali mwenimweni mwa malo amene akuluakulu amati mpa Bambo. Khasu lililonse lofuna mzunguyo liyamba lakhudza amayi anu.

Adzukulu a m'mudzi muno akana kwamtuwagalu. Akuti iwo ntchito yawo ndi kuika, kufukula sadaphunzire. A Maliro akuti palibe kanthu, akatenga anyamata aganyu ku boma, azidzakumba apa ndi apo mpaka apeze mafupa aatali. Mafupa aatali! Kodi bambo athu otibereka adali aafupi? Adafika mpaka pakhomo panga madzulo ena n'kundiuza kuti, "Mayi, akufa adafa, tiganizire amoyo." Ndidawayankha kuti apite kwawo akayambe ndi manda a mayi awo, ine ndikawagwirira fosholo. Adachoka osatsanzika.

Tsopano ndasanduka mfiti ya m'mudzi. Kuchitsime akandiona amasiya nkhani. Kutchalitchi benchi yanga imakhala ndi malo ambiri. A Cathy adandipeza kuchigayo, sadakalipe, adangoti, "Dailes, wanga uja sitidamupeze n'komwe. Inu bola muli ndi pokalira." Achimwene, ndidalira njira yonse. Usiku tulo sindikuona. Mwina ndine wouma mtima, sindikudziwa. Koma ndikaganiza fosholo ikulowa pamene ndidathirapo dothi ndi dzanja langali, sindingalole.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Pitani kwa a meya anuwo mukawauze zoona. Muwauze kuti munthu wawo adasankha yekha pogona, ndipo ali ndi abale kuno. Ngati mlatho ndi wachifundo, amange, tidzalembapo dzina lake ndi zilembo zikuluzikulu. Ndikudziwa kuti ndinu mlendo kumeneko, ndipo mudati chipani cha meyayu sichikondwa ndi anthu obwera. Mantha anu ndikuwamvetsa. Koma kukhala chete kwanu a Maliro akukuyesa chilolezo, ndipo akuuza anthu kuti ngakhale inu, mwana wa malemu amayi, wansembe, mwavomera.

Alamu anu akupereka moni, ana nawonso. Amalume a Yoramu ndidawafunsa ngati ndilembe moni wawo, adati ndidikire kaye.

A Sisitere andinong'oneza kuti mwezi wamawa mukubwera ndi nthumwi za meya, inu ngati womasulira. Bwerani, nyumba ndakonza. Mukudziwa kuti mkazi salowa kumsitu popanda maliro, koma tsiku limenelo mudzandipeza nditakhala pamtumbira wa amayi, ndipo ndidzayankhula ndi alendo anuwo. Chichewa sakumva, adzayang'ana pakamwa panu. Chonde, zimene ndidzanene mudzawauze momwemo, osachotsapo.

Ndine mlongo wanu,
Dailes