Ndege Inali M'manja Mwanu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi kamwana. Kuno tilipo. Amayi miyendo ija yawalekako. Ine phewa lapola, kwangotsala chipsera pachipumi. Tamva kuti kumeneko mwayamba kuulutsa ndege zikuluzikulu, ndipo chithunzi chanu cha yunifolomu amayi achipachika pabalaza.

Dzulo akulu a sukulu yathu ya ndege anandiitana ku ofesi kuti ndiwerenge lipoti la ngozi yathu ija, lomwe munalemba musanachoke. Ndinayamba kuliwerenga chiimire, koma ndisanafike pakati ndinapempha mpando.

Achimwene, m'kandege kaja tinalimo awiri okha, inu mphunzitsi, ine wophunzira. Lamulo loyamba lomwe munandiphunzitsa linali la kapatsiranidwe ka chiwongolero: wotenga anene kuti ndege ili m'manja mwake, wosiya abwereze, wotenga atsimikize kachitatu. Ndikangogwedeza mutu munkandikalipira, mumvekere mumlengalenga anthu sayankhana ndi mutu.

Tsiku lija tikutera, mphepo yam'mbali itatikankha, munanena kuti mwaitenga. Ndinabwereza, ndinachotsa manja n'kuwaika pamaondo, inu n'kutsimikiza kachitatu. Ndege itagunda pansi n'kudumpha, ndinkayembekezera kuti muwonjezera moto tikwerenso, monga munkandiuzira tsiku ndi tsiku. Inu munaikanikizira mphuno pansi. Tayala la kutsogolo linathyoka, pulopela yozungulira kumphuno ija inakumba phula, tinakaima m'udzu.

Galimoto yozimitsa moto isanafike, magazi akundilowa m'maso, munandigwira dzanja n'kundichonderera kuti ndikanene kuti ndimayendetsa ndine. Munati wophunzira kuphonya potera ndi nkhani ya tsiku limodzi, koma inuyo ntchito yatsopano ija ikupulumukani. Ndinavomera. Bambo atamwalira munandilera ndinu, ndikanakana bwanji?

Koma zimene tinagwirizana m'udzu muja si zimene mwalemba. Mwalemba kuti ndinauma ndi mantha, kuti munakuwa katatu kuti ndisiye chiwongolero ine n'kukakamira, mpaka munachita kulimbana nane kuti tipulumuke. Pomaliza mwati simukuona kuti ndingadzakhale woyendetsa ndege. Bodza lomwe ndinakupatsani silinakukwanireni, achimwene? Munafunanso kutulukamo ngwazi? Mwandidyera masuku pamutu, ndipo ndapwetekeka kuposa tsiku la ngozi.

Pano palibe mphunzitsi amene akufuna kukwera nane. Amakaniko amandipatsa moni maso ali kumbali. Ophunzira anzanga ndikalowa m'kalasi nkhani imatha. Zonsezo ndingapirire. Chondidya mumtima ndi amayi. Akamapemphera amathokoza Mulungu kuti inu munalimo, n'kupulumutsa mwana wawo wamantha. Ine ndimayankha ameni ngati chitsiru.

Komiti ya sukulu ikumana Lachisanu la sabata yamawa kuti igamule ngati ndipitirize maphunziro kapena andichotse. Akandichotsa ndi lipoti limeneli, palibe sukulu ina imene ingandilandire. Chonde alembereni kalata tsikulo lisanafike. Sindikupempha kuti mundiyamikire. Mungolemba amene anagwira chiwongolero pamene tayala linkathyoka, basi.

Mukapanda kulemba ndikanena ndekha. Ndikudziwa kuti mawu a wophunzira amene ananamapo kale ndi opepuka, mwina a komiti sakandikhulupirira. Koma pochokera kumeneko ndidzakhala pansi ndi amayi pabalaza, pansi pa chithunzi chanu, ndi kuwafotokozera zonse kuyambira pamene ndinaika manja pamaondo. Iwo amandidziwa ndikamanama, amandidziwanso ndikamanena zoona. Sankhani nokha amene awauze, inu kapena ine.

Mulungu akusungeni mumlengalenga, ndipo nthawi zonse muzitera bwino. Zimenezi ndikunena ndi mtima wonse, ngakhale uli wosweka. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo kamwanako mukapsompsone m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
uja munkamutcha Namzeze, amene watha miyezi itatu osauluka.