Matauni Asanu ndi Atatu pa Chitseko cha Fuliji

Naif, Dubai
9 Juni

Wokondedwa mng'ono wanga Lulu,

Ndikukupatsa moni m'dzina la Ambuye amene watisunga mpaka lero. Uli bwanji kumeneko? Amayi miyendo ija ikuwalola kutsikira kudimba? Nanga ana ako awiri ndi Chiyamiko wanga, chifuwa cha mwezi uno sichinawagwire? Ine kuno ndilipo, kungoti zala ziwiri za kumanzere zili m'chikhakha. Usadzidzimuke, ndikufotokozera.

Kalatayi ndapatsira Brenda, mnzanga wa kutchalitchi amene akukwera ndege mawa, poti foni yako Davies anaimenyetsa pansi tsiku lija anakuviika mutu mumgolo wa madzi ana akuonerera. Amayi andiuza kuti ankhoswe akumana Loweruka lino, ndipo akuti iwe wavomera kale kubwerera kwa mwamuna wakoyo ku Biwi. Akuti anabwera ku Nathenje, anagwada pabwalo, analira mamina tayale. Lulu, usanamange katundu, khala pansi uwerenge izi mpaka kumapeto, ngakhale ukundidziwa kuti ndikatsegula pakamwa sinditseka msanga.

Zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikulera kamtsikana ka bwana Elliot ndi madamu Jean, m'nyumba yawo ya m'mwamba ku Jumeirah Village Circle. Pafoni ndinkakuuzani kuti ndi anthu abwino. Ndinkanena zoona theka. Madamu ndi munthu woti ukatsokomola kamodzi amakuphikira tiyi yekha. Bwana naye pamaso pa alendo ndi mngelo, amatsegulira mkazi wake chitseko cha galimoto. Koma chitseko cha nyumba chikatsekedwa, munthu yemweyo amasanduka chilombo.

Mu Januwale madamu anayamba kukonza ulendo. Kuno mu Julayi kumatentha moti aliyense wotha kuthawa amathawa, ndiye iwo anasankha dera lina la ku Italy lotchedwa Toscana, la timapiri, minda ya mphesa ndi mitengo ya maolivi. Anati tikatsika ndege ku Firenze tikabwereke galimoto, bwana aziyendetsa, tizungulire m'midzi masiku khumi. Ndati "tika" chifukwa inenso anandilembetsa viza kuti ndikagwire mwana. Ine Theresa wa ku Nathenje, ku Ulaya! Tsiku limenelo ndinavina ndekha m'bafa.

Poyamba matauni anali atatu okha: Firenze, Siena ndi Pienza. Madamu anawalemba papepala lalikulu n'kulimata pachitseko cha fuliji.

Sabata ziwiri zisanathe, bwana anamenya madamu khofi patebulo chifukwa nyama inali yozizira. Mlomo unang'ambika, magazi n'kudontha mu mbale ya mwana. M'mawa mwake anabwera ndi maluwa, namugwira dzanja, nati awonjezere tauni ina pa ulendo, iliyonse imene mtima wake ukufuna. Madamu, mlomo uli tupu, analemba Montepulciano, nandionetsa zithunzi zake akumwetulira ndi mbali imodzi.

Mu Febuluwale anamukoka tsitsi kuchoka kukhitchini mpaka kuchipinda, tsitsi lina linatsala m'manja mwake, ndinasesa ndine. Pafuliji panabwera Montalcino. Mu Malichi anam'genda ndi mbale, diso linatupa mpaka kutsekeka. Panabwera San Gimignano, ya nsanja zitalizitali. Cortona inabwera atamuponda m'nthiti. Ndipo Volterra inabwera mwezi watha, tsiku limene anamukanyanga pakhosi atamupanikiza pakhoma, mapazi a madamu osagunda pansi. Sabata yonse ankavala mpango pakhosi, m'kutentha kwa Dubai.

Nthawi imene diso linatsekeka ija, madamu sankatha kuwerenga, choncho ntchito ya mapu anaisiya m'manja mwanga. Mwana akagona masana, tinkakhala kukhitchini, ine ndi tabuleti, iye ndi madzi oundana pankhope. Ndinkawerenga kutalika kwa misewu, ndi kulemba maola. Ndinaphunzira kuti matauni akale aja ali pamwamba pa mapiri, ndipo galimoto ya mlendo siilowa m'kati, umaisiya kunja kwa mpanda n'kukwera wapansi. Ndinapeza nyumba za alimi zogonamo alendo, ndinasankha ya dziwe losambira kufupi ndi Pienza kuti tigonemo masiku atatu. Ndinkadziwa ngakhale poimira kuti mwana akodze. Dziko limene sindinalipondepo ndinkalidziwa kuposa msewu wa ku Mitundu.

Apa ndiye pali manyazi anga, Lulu. Ntchito imeneyi ndinkaikonda. Ndikamva mbale zikusweka ndinkanyamula mwana, kulowa naye kuchipinda, kukweza makatuni pa TV. Kupemphera ndinkapemphera, inde. Koma m'mawa ndikaona dzina latsopano pafuliji, ndinkathamangira tabuleti kuti ndione kuti tauniyo ndi yokongola bwanji. Ndinkadziuza kuti za m'banja la eni sizindikhudza, ine ndinabwera kudzagwira ntchito. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti ndikalankhula ulendo undiphonya.

Lamlungu la pa 1 mwezi uno, nditabwera kutchalitchi, ndinakhala pansi n'kuwerengetsa ulendo wonse. Matauni asanu ndi atatu m'masiku khumi sizinkatheka ndi mwana wa zaka zinayi amene amasanza galimoto ikangokhota kawiri. Msewu wa ku Volterra ndi wokhotakhota ngati wa ku Golomoti, ndipo unkatichotsa panjira pafupifupi tsiku lathunthu. Ndinauza madamu kuti tiichotse. Anayang'ana pepala kwa kanthawi, nati ndikunena zoona, ndipo ndinatenga cholembera ineyo n'kuikhwatcha.

Mutu wanga unali pa maola ndi makilomita. Ndinaiwala kuti kwa bwana, Volterra sinali tauni, kunali kupepesa kwake.

Anabwera cha m'ma wani koloko kuchokera kosewera gofu, anatsegula fuliji kuti atenge madzi, potseka n'kuona mzere uja. Anafunsa motsitsa mawu kuti wakhwatcha ndani. Ndisanatsegule pakamwa, madamu anati ndi iyeyo. Bwana anati ndiye kuti mphatso yake ndi zinyalala, iye amadzichepetsa kupepesa koma mkazi wosayamika amamulavulira kumaso.

Chibakera choyamba chinagwetsera madamu pa sinki. Atadzuka anamugwira tsitsi n'kumenyetsa nkhope yake pa mwala wa tebulo la kukhitchini, kamodzi, kawiri. Kachitatu ndinamva chinthu chikuthyoka ngati chinangwa chouma. Dzino linagubuduzika mpaka pa phazi langa. Madamu anagwa pansi osalira, ndipo kusalirako n'kumene kunandiopsa. Bwana anayamba kumuponda ndi nsapato za gofu zija, m'mimba, kumsana, akutukwana. Mwana anali pakhomo la khitchini ali ndi chidole m'manja.

Sindikudziwa chimene chinandilowa. Ndinamudumphira kumbuyo n'kumukoka malaya, ndikukuwa kuti wakhwatcha ndine. Anandikankha ndi chigongono pachifuwa, ndinakagwera pa mpando. Ndinadzuka, ndinanyamula mwana, n'kuthamangira kuchitseko chotulukira. Mwanayo ndinamutulutsa, koma ine dzanja lidakali pafelemu bwana anamenyetsa chitseko ndi mphamvu zake zonse. Zala ziwiri zija zinathyokera pamenepo.

Lulu, m'nyumba za kuno anthu sadziwana, woyandikana naye ukhoza kutha chaka osamupatsa moni. Chingerezi chonse chinandithawa m'mutu. Ndinaima pamasitepe n'kukuwa ngati ndili kwathu: "Mayo ine! Akupha munthu kuno! Thandizeni!"

Zitseko zinatseguka pang'ono n'kutsekekanso. Koma kumunsi, pageti, tsiku limenelo panali Jailosi, mlonda wa ku Mangochi amene timapatsana moni ndikamapita ndi mwana kosewera. Akuti atamva Chichewa chikutsika m'masitepe thupi lonse linachita tsembwe. Sanadikire lifiti, anakwera nsanjika zisanu ndi imodzi wapansi akuimbira apolisi. Anamenya chitseko mpaka bwana anatsegula, manja ali magazi okhaokha, akunena kuti palibe vuto, mkazi wake waterereka. Jailosi anangoti khalas, ndiye kuti basi zakwana m'Chiarabu cha kuno, n'kuima pakati pa chitseko osasuntha mpaka ambulansi inafika.

Apolisi anandifunsa, ndipo ndinanena zonse, kuyambira khofi la mu Januwale. Kenaka apolisiwo anamutenga bwana.

Lachitatu ndinapita kuchipatala kukamuona madamu. Nsagwada inathyoka pawiri, anaimanga ndi waya, amadya ndi kapaipi. Nthiti zitatu. Khutu lakumanja adokotala akuti mwina silidzamvanso. Nditalowa anandigwira dzanja la chikhakha lija, misozi ikutsikira m'makutu. Pambali pa bedi panali maluwa ambiri moti nesi ankasowa poika mankhwala. Ndinadziwiratu.

Poti sangalankhule, anatenga pepala. Analemba kuti wauza apolisi kuti anaterereka yekha, ndipo mwamuna wake watuluka. Analemba kuti walira kwambiri, walumbira kuti sadzachitanso, ulendo ausunthira mu Seputembala. Kenaka analemba mzere umene sundichoka m'maso mpaka lero: "Elliot akuti tiwonjezere Lucca. Uone ngati ndi kutali ndi Firenze."

Choipa kwambiri n'chakuti yankho ndinkalidziwa osayang'ana pa mapu. Ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Linafika mpaka pa lilime. Ndinalimeza, ndinamuuza kuti ine sindidzawerenganso msewu ngakhale umodzi wa ulendo umenewo, ndipo kuti tsiku lina adzamutulutsa m'nyumba ija atamufunditsa nsalu kumaso. Ndinamugwadira, Lulu, madamu wanga, pansi m'chipatala momwemo. Ndinati ali ndi pasipoti, ali ndi mayi ake, atenge mwana azipita. Anatembenukira kukhoma.

Tsiku lomwelo bwana anandithetsa ntchito. Katundu wanga ndinamupeza kwa Jailosi m'mapepala a zinyalala, pamodzi ndi tikiti. Pano ndikugona pa matilesi a Brenda kuno ku Naif, kudikira tsiku langa. Za ntchito usandimvere chisoni, manja akapola ndidzaona chochita.

Tsopano ndibwere kwa iwe, poti ndi chifukwa chake ndalemba zonsezi ndi dzanja limodzi.

Ukukumbukira zaka zitatu zapitazo, Davies atakugulula dzino, unathawira kwa amayi ndipo unalumbira kuti sudzabwerera. Amayi anali mbali yako. Amalume ankakayika. Amene anakukhazika pansi kuseri kwa nyumba n'kukuuza kuti upirire, kuti amuna onse ndi otero, kuti uganizire ana, ndinali ine. Ndinakunyamulira chikwama ndekha mpaka ku Biwi, ndinamugwira chanza Davies, ndinadya nawo nkhuku imene anapha.

Sindinachite zimenezo chifukwa cha ana ako ayi. Mapepala anga obwerera kuno anali atatsala pang'ono kutuluka, ndipo Chiyamiko ndinali nditamupezera kale malo pa sukulu ya pafupi ndi nyumba yanu. Ukanakhala kwa amayi, mwana wanga akanasowa pokhala m'tauni, ndipo mwina ine sindikananyamuka. Ndinakubweza kwa munthu wokumenya kuti ulendo wanga usaonongeke. Zaka zitatu ndakhala ndikuzibisa ngakhale kwa Mulungu. Undikhululukire, mwana wa mayi anga, ndinakulakwira kwambiri.

Ndikudziwa kuti panonso ukuganiza za sukulu ya Chiyamiko, poti ndiwe wotero, umayamba waganizira ena. Zisiye. Ndauza kale amayi kuti akamulembetse pa sukulu ya ku Nathenje. Aziyenda wapansi ngati mmene tinkayendera ife, sitinafe nazo. Mwana amene waona mayi ake aang'ono akuviikidwa mumgolo sakuphunzira kanthu m'nyumba imeneyo.

Tsegula sutikesi yako uyale zitenje zonse zimene Davies anakugulira. Chilichonse ukudziwa tsiku limene chinabwera, ndi chimene chinachitika dzulo lake. Uziyang'ane bwinobwino, kenaka udzifunse kuti chotsatira adzakuveka uli chiimire kapena uli chigonere.

Amalume ndawaimbira dzulo, ndawauza zonse, ndi za ine zomwe. Anati mawu omaliza ndi ako. Ndiye Loweruka akakufunsa, usayang'ane pansi, usayang'ane misozi ya Davies. Unene kuti ayi, kamodzi kokha, basi. Anthu alankhula, alankhule, pakamwa ndi pawo. Madamu ndalephera kumuletsa, ndipo tsiku lililonse foni ikalira ndimaopa kuti ndi Jailosi akundiuza zoipa. Kutaya awiri sindingathe, Lulu.

Ndikutsika ku Lilongwe pa 19. Ndilibe chimene ndakutengera, ngakhale sopo. Usavutike kudzandichingamira. Ndikupeze pakhonde la amayi, uli ndi ana ako, ukupuma.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a miyendo aja asadumphitse. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana ako, ndi kwa Chiyamiko, umuuze kuti mayi ake akubwera ndipo ulendo uno sachoka msanga. Mulungu akutchinjirize, akupatse mphamvu pakamwa Loweruka.

Ndine mkulu wako wokulakwira, koma wokukonda,

Theresa