Apongozi Anga Anditchula "Iwe"

Wokondedwa mng'ono wanga Resi,

Uli bwanji ku Toronto kumeneko? Chifuwa cha mwana wako Florian chija chinatha? Kuno tonse tili bwino, kupatula mapazi angawa amene angoti matuza okhaokha. Koma khala pansi, nkhani ndili nayo!

Apongozi anga a Walburga Lorenz ukuwadziwa. Chikwatiwire ine ndi Kajetan, akhala akunditi "inu" ngati mlendo wodutsa, pomwe mkazi wa mlamu wanga amamuti "iwe" ngati mwana wobala okha. Ndinkangoseka, koma zinkandiwawa.

Mwezi watha anati akufuna kuyenda njira ya mtsinje wa Lech, kuchokera kugwero kumapiri mpaka kutauni ya Füssen kuchigwa, mawondo asanawakanike. Kajetan ananamizira ntchito, ndiye chikwama chinagwera ine.

Tsiku loyamba, pamwamba penipeni pomwe mtsinje udakali kamfuleni koti n'kudumpha, anacheuka n'kundikalipira kuti, "Iwe Vroni, ukuyenda ngati ng'ombe ya bere!" Ine ndinangomvapo "iwe" yekhayo, n'kukondwera. Nanenso ndinayamba kuwati "iwe". Kenako ndinakumbukira kuti ndi mwambo chabe: kumapiri aliyense ndi "iwe", kaya wansembe kaya dokotala, koma mukatsikira kuchigwa "inu" amabwerera.

Tsono njirayi imangotsetsereka! Tinadya tchizi pamiyala, mapazi ali m'madzi ozizira. Mlatho wolenjekeka wa ku Holzgau tinawoloka atandigwira dzanja, uku akutukwana amene anaumanga. Ine n'kumangoona mtsinje ukukula, mapiri akutsalira m'mbuyo. Ndikuuze zoona, ndinkazengereza dala, mwina kumanga nsapato, mwina kujambula maluwa.

Titafika pamathithi a ku Füssen ndinati ndiyambe ndine kubwerera ku "inu", asachite kundichititsa manyazi. Ndinawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Mwatopa, Mayi Lorenz?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kuloza mtsinje. Anati, "Madziwa ukuwaona akubwerera kumtunda? Usandiseketse iwe. Nyamula ndodozi ukandigulire khofi, mwana wanga."

Resi, ndinalira pamaso pa anthu onse ojambula zithunzi aja!

Chonde ubwere chilimwe chikubwerachi udzadzimvere wekha, poti Kajetan mpaka lero sakukhulupirira. Undiperekere moni kwa alamu ndi Florian, Mulungu akusungeni nonse. Apongozi ali pompano akudya keke yanga. Akuti ndisiye kulemba zambirimbiri, khofi wanga akuzizira, ndipo anena kuti "iwe".

Ndine mkulu wako,
Vroni